Ndani Amawerenga Anthu a ku Ching'ambo? Mbiri ya Kalembera ndi Kafukufuku wa Zaumoyo Kumpoto

Pamene Malawi anachita kalembera wake woyamba chilandirire ufulu, m'chaka cha 1966, mu Mzuzu munali anthu osakwana 9,000. Pofika 1987 anali atadutsa 44,000, mu 2008 anali pafupifupi 134,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272. Mzinda umene unayamba ngati msasa wa antchito a m'minda unakula kuwirikiza kuposa ka 20 m'moyo wa munthu mmodzi. Khamu limeneli silinapeze nyumba zomangamanga. Ambiri anagula kapena kupempha kamalo, n'kuumba njerwa, n'kukumba chimbudzi ndi chitsime pabwalo lomwelo. Umu ndi mmene anakulira madera onga Chiputula, Masasa, Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo ndi Ching'ambo.

Tsono ku Ching'ambo kunabadwa ana angati chaka chathachi? Angati anabayidwa katemera yense? Ndi mabanja angati amene amamwa madzi a pachitsime chosatetezedwa, nanga amayi angati anabereka panjira asanafike ku chipatala cha Mapale? Mayankho a mafunso ngati amenewa ndi amene amagamula kuchuluka kwa mankhwala obwera ku chipatala, malo omangapo kiyosiki ya madzi, ndi chiwerengero cha alangizi a zaumoyo otumizidwa m'dera. Ntchito yofufuza mayankhowo ili ndi mbiri yoposa zaka 100, ndipo chigawo chakumpoto chinachitapo mbali yaikulu kuposa mmene ambiri amadziwira. Kuwerenga anthu kunabwera ngati njira yowatolera msonkho, pambuyo pake kunakhala njira yowachiritsa, koma mpaka lero zotsatira zake zimachedwa kubwerera kwa eni ake.

Owerenga oyamba ankafuna msonkho

Makolo athu sankasunga kaundula, koma sankasowa chiwerengero cha anthu awo. Mfumu ya mudzi inkadziwa nyumba iliyonse ndi dzina la mwini wake. Mwana akabadwa azamba ankauza akuluakulu, maliro akagwa uthenga unkayamba wafika kwa mfumu manda asanakumbidwe. Kudziwa kumeneku kunali kwa pamaso, ndipo kunkathera m'malire a mudziwo.

Kuwerenga kwa papepala kunabwera ndi boma la Britain, limene linakhazikitsa ulamuliro wake mu 1891 pansi pa Harry Johnston. Boma latsopanoli linkafuna ndalama, ndipo njira yake inali msonkho wa nyumba. Angoni a Inkosi M'mbelwa anakhala kunja kwa ulamulirowu mpaka 1904, pamene Alfred Sharpe anakumana ndi mafumu awo ku Ekwendeni, ndipo sipanapite zaka zambiri msonkho unafikanso ku Mzimba. Buku loyamba la boma limene munthu wa kuno analembedwamo linali buku la msonkho. Makalembera oyambirira a atsamunda, monga a 1911, 1921, 1926 ndi 1931, ankadalira kwambiri mabuku amenewa ndi zonena za mafumu: ankawerenga nyumba zolipira msonkho, kenako n'kuyerekeza kuti m'nyumba iliyonse muli anthu angati. Wa 1945 ndiye anayesako kufika m'midzi mwadongosolo, ndipo anapeza anthu oposa pang'ono 2 miliyoni m'dziko lonse.

Anthu anaphunzira msanga kuti kulembedwa n'kudziitanira mavuto. Mesenjala wa boma akaoneka, amuna ena ankathawira kuthengo, nyumba zina zinkabisidwa, ndipo mnyamata wofika msinkhu ankatchulidwa kuti akadali mwana. Ena, pofuna ndalama ya msonkho yomweyo, anatsika wapansi kupita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ambiri osabwereranso, amene timawatcha machona. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 kuti ifufuze za ulendo wa antchitowa inapeza kuti m'maboma akumpoto midzi yambiri inatsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba. Mantha amene anthu ena ali nawo mpaka lero akaona mlendo wonyamula mapepala akufunsa mayina a pakhomo sanachokere mu umbuli. Anachokera m'zimene agogo awo anaziona.

Mabuku a amishoni, ndi kafukufuku amene anagona m'kabati

Pa nthawi yomweyo kunali kuwerenga kwa mtundu wina. Robert Laws, amene anatsogolera mishoni ya Livingstonia kuchokera ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881 ndi ku Khondowe mu 1894, anali dokotala. Mnzake Walter Elmslie, amene anagwira ntchito pakati pa Angoni, analinso dokotala, ndipo mishoni ya Ekwendeni inatsegulidwa mu 1889. Ku Khondowe anamanga chipatala cha David Gordon Memorial, chimene chinatsegulidwa mu 1911, ndipo kumeneko anyamata a kuno anayamba kuphunzitsidwa kutsuka mabala, kusakaniza mankhwala, kuyang'ana magazi pa makina oonera tizilombo, ndi kulemba m'kaundula dzina la wodwala, mudzi wake, nthenda yake ndi mathero ake. Amenewo ndiwo anali maphunziro oyamba a ziwerengero za zaumoyo kumpoto, ngakhale panalibe amene ankawatchula motero. Malire ake anali akuti kaundula wa chipatala amadziwa okhawo amene afika pakhomo pake. Womwalirira kumudzi samuona.

Kafukufuku woyamba wamkulu wotsatira anthu kwawo anachitika mu 1938 ndi 1939 m'boma la Nkhotakota, motsogozedwa ndi dokotala B. S. Platt. Gulu lake linakhala m'midzi ya kunyanja ndi ya kumapiri, kuyeza ufa ndi ndiwo zolowa mumphika, kuyeza minda, kupima ana ndi akuluakulu. Inali ntchito yosamala kwambiri. Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inabuka, lipoti silinasindikizidwe, ndipo mapepala ake anadzatuluka m'buku mu 1992. Anthu amene anatsegula nkhokwe zawo ndi miphika yawo kuti ayezedwe anamwalira osamva zimene zinapezeka, ndipo njala ya 1949 inadutsa zotsatirazo zili chigonere m'kabati. Vuto limeneli, lotenga nkhani kwa anthu osawabwezera yankho, tidzalionanso.

Dziko lodzilamulira liyamba kudziwerenga

Mzuzu anabadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene kunatsegulidwa minda ya mitengo ya tung pa Viphya. Mindayo sinapindule monga ankayembekezera, koma maofesi ndi nyumba zake zinakhala likulu la chigawo. Chipatala cha St John's cha mpingo wa Katolika chinatsegulidwa mu 1962, ndipo Mzuzu anapatsidwa ulemu wa mzinda mu 1985. Nthambi ya boma yoona za kalembera, National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba, inapatsidwa mphamvu ndi lamulo la 1967. Kuyambira pamenepo dziko lakhala likudziwerenga pafupifupi zaka khumi zilizonse: anthu 4 miliyoni mu 1966, 5.5 miliyoni mu 1977, pafupifupi 8 miliyoni mu 1987, 9.9 miliyoni mu 1998, 13 miliyoni mu 2008, ndi 17.5 miliyoni mu 2018, pamene owerenga anayenda ndi matabuleti m'malo mwa mapepala.

Kalembera amabwera kamodzi pa zaka khumi, koma matenda sadikira. Munthu amene anadzaza mpata umenewu ndi mlangizi wa zaumoyo. Chiyambi chake ndi anyamata amene ankalembedwa ganyu yobaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960. Kolera atabuka mu 1973, boma linalemba ena oti azithira mankhwala m'zitsime ndi kunena msanga za odwala, ndipo pambuyo pake ntchito ziwirizi zinaphatikizidwa n'kukhala udindo wokhazikika mu unduna wa zaumoyo. Cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, ngakhale m'madera ambiri a m'tauni amasenza oposa pamenepo. Iyeyu ndiye amapachika sikelo pamtengo, kulemba kulemera kwa mwana, kuwerenga zimbudzi ndi maenje a zinyalala, ndi kutumiza lipoti kumapeto kwa mwezi. Nambala iliyonse imene nduna imawerenga ku Nyumba ya Malamulo yokhudza katemera inayambira m'kaundula wa munthu ameneyu.

Sukulu ya ku Chilumba

Ngati pali malo amodzi amene anaika dzina la kumpoto kwa Malawi m'mabuku a zaumoyo a dziko lonse lapansi, ndi Chilumba m'boma la Karonga. Mu 1979, bungwe lolimbana ndi khate la LEPRA pamodzi ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine anayambitsa kafukufuku wa khate kumeneko, motsogozedwa ndi Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine. Chimene anachita chinali chachilendo pa nthawiyo. M'malo modikira odwala pa chipatala, magulu a anyamata ndi atsikana a m'bomalo anayenda nyumba ndi nyumba, kugona m'matenti, kukwera mapiri ndi kuoloka madambo, kuyeza khungu la munthu aliyense. Pakati pa 1980 ndi 1984 anayeza anthu oposa 100,000. Aliyense anapatsidwa nambala yake, mayina a makolo ake analembedwa, ndipo nyumba yake inaikidwa pa mapu, kuti akadzamupezanso patapita zaka adziwe kuti ndi yemweyo.

Pa ulendo wachiwiri, kuyambira 1986 mpaka 1989, anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG. Zotsatira zinatuluka mu 1996: kubayanso BCG kachiwiri kunachepetsa khate pafupifupi ndi theka, koma sikunateteze akuluakulu ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Yankho limeneli silinali lokoma, koma linachenjeza maiko kuti asawononge chuma pa njira yosathandiza pa chifuwacho.

Kusamala kwa anthu a ku Chilumba kunabala chipatso china chimene sanachiyembekeze. Madontho a magazi amene ankasunga papepala pofufuza khate anadzayezedwanso patapita zaka, ndipo munapezeka kachilombo ka HIV m'magazi otengedwa mu 1982, zaka zitatu boma lisanalengeze wodwala Edzi woyamba mu 1985. Motero zinadziwika mmene mliriwu unalowera m'bomalo: kuchokera pa munthu mmodzi kapena awiri mwa akuluakulu 1,000 alionse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kufika pa oposa 10 mwa 100 alionse m'zaka za m'ma 1990.

Mu 2002 anakhazikitsa kalembera wosalekeza wa anthu oposa 30,000 ozungulira Chilumba. M'dongosolo limeneli munthu wosankhidwa m'mudzi amalemba obadwa ndi omwalira m'nyumba zoyandikana naye, n'kumapereka lipoti mwezi ndi mwezi. Imfa ikachitikira pakhomo, wogwira ntchito amadikira maliro athe, kenako amakacheza ndi achibale mwaulemu, kufunsa mmene matenda anayendera, kuti madokotala ayerekeze chimene chinapha munthuyo. Chifukwa cha kalembera ameneyu, ma ARV aulere atafika ku chipatala cha boma ku Karonga mu June 2005, ofufuza anatha kuonetsa mu 2008 kuti imfa za akuluakulu okhala m'mbali mwa msewu wa tala zinatsika ndi 35 pa 100 alionse m'miyezi yochepa chabe, pamene kwa okhala kutali kusintha kunali kusanaoneke. Unali umodzi mwa maumboni oyamba mu Africa muno wakuti mankhwalawa akuchepetsa maliro m'mudzi wonse, komanso chenjezo lakuti mtunda umapha.

Lero ntchitoyi ikupitirira pansi pa dzina la MEIRU. Pakati pa 2013 ndi 2016 anayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo anapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni ndi onenepa mopitirira muyeso, ndiponso kuti oposa theka la anthu amene magazi awo amathamanga sankadziwa za vuto lawo. Koma cholowa chachikulu cha Chilumba ndi anthu. Ana a ku Karonga amene analowa ntchito ndi satifiketi ya JCE kapena MSCE anaphunzira pantchito pomwepo kufunsa mafunso mosatsogolera yankho, kulowetsa fomu imodzi m'kompyuta kawiri kuti cholakwika chigwidwe, ndi kubwerera mtunda wautali kukakonza tsiku limodzi lobadwa limene silinagwirizane. Anaonetsa kuti ziwerengero zodalirika sizifuna mzinda waukulu. Zimafuna kudekha, kuona mtima, ndi anthu odziwana ndi mudzi.

Edzi iphunzitsa dziko kusunga kaundula

Mu 1992 National Statistical Office inachita kafukufuku woyamba wa DHS, wofunsa mabanja osankhidwa mwa maere m'dziko lonse. Anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufukuyu anabwerezedwa mu 2000, 2004, 2010 ndi 2015 mpaka 2016, ndipo nambalayo inatsika kufika pa 189, 133, 112, kenako 63. Wa 2000 anadzidzimutsa dziko poonetsa kuti amayi 1,120 mwa 100,000 alionse obereka ankafa pa uchembere. Nambala imeneyo inachititsa manyazi, ndipo manyaziwo anathandiza kuti nkhani ya uchembere wabwino ifike pa mabwalo a mafumu. Pofika 2016 inali itatsika kufika pa 439. Kumpoto kuno kafukufuku wina wotsatira mabanja omwewo kwa zaka zambiri anayamba mu 1998 ku Rumphi, pamodzi ndi ku Mchinji ndi Balaka.

Ma ARV aulere atayamba mu 2004, Malawi anabwereka nzeru ku pologalamu ya chifuwa chachikulu, imene kuyambira zaka za m'ma 1980 inali itazolowera kulemba wodwala aliyense ndi kunena mathero ake. Wolandira ma ARV aliyense anapatsidwa khadi lake, ndipo miyezi itatu iliyonse gulu la oyendera limafika pa chipatala chilichonse kukawerenga makhadiwo limodzi ndi anamwino: angati ali moyo, angati amwalira, angati asowa, angati asamuka. Mankhwala amaitanitsidwa potengera manambala amenewa. Lero anthu oposa 900,000 akulandira ma ARV, ndipo kaundula ameneyu ndiye anapatsa dziko chikhulupiriro choyambitsa, mu 2011, njira yopatsa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo mankhwala a moyo wonse, njira imene maiko ena anatsanzira.

Mzuzu sanatsalire. Chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, chomangidwa ndi thandizo la Taiwan, chinatsegulidwa mu 2000, ndipo kiliniki yake ya Rainbow inali pakati pa malo oyamba kusunga mbiri ya odwala pa kompyuta. Ubale wa Malawi ndi Taiwan utatha kumayambiriro kwa 2008, bungwe la Luke International linapitiriza ntchito ya makompyuta a m'zipatala ndi kuphunzitsa achinyamata kuchokera mu Mzuzu momwemu, pamene Baobab Health Trust inkachita zofanana kuchokera ku Lilongwe. Unduna nawo unali utayambitsa mu 2002 dongosolo limodzi la malipoti a zipatala zonse, nthawi yomwe timabuku ta kuchipatala timene aliyense amanyamula tinafala, ndipo patapita zaka khumi malipotiwo anayamba kulowetsedwa pa intaneti kudzera mu pologalamu ya DHIS2.

Ophunzitsa ndi ophunzira

Kwa zaka zambiri, Mmalawi wofuna kuzama pa ziwerengero ndi umoyo wa anthu ankayenera kupita ku Zomba, ku Blantyre kumene College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, kapena kunja. Zinayamba kusintha Mzuzu University itatsegula zitseko ku Luwinga mu 1999, ndi University of Livingstonia mu 2003. Lero mwana wa ku Ching'ambo angathe kuphunzira masamu ndi ziwerengero, unamwino kapena umoyo wa anthu osachoka m'chigawo chake, kuphatikizapo ku makoleji a Ekwendeni, St John's ndi St John of God. Public Health Institute of Malawi nayo imaphunzitsa ogwira ntchito m'maboma kuzindikira mliri ukamayamba ndi kuulondola kumene wachokera.

Phunziro loyamba m'maphunziro onsewa ndi losavuta kulinena, koma ndi limene limasowa kwambiri pa misonkhano yathu: nambala payokha sinena kanthu mpaka utadziwa kuti ndi mwa angati. Tiyerekeze kuti dera lina lanena ana 40 otsekula m'mimba, lina 20. Wosaphunzira athamangira koyambako. Koma ngati koyambako kuli ana 2,000 ndipo kwachiwiriko kuli 200, moto uli kwachiwiriko. Phunziro lachiwiri n'lakuti nambala ya mzinda wonse imabisa kusiyana kwa madera ake. Lachitatu n'lakuti malo osalembedwa kanthu m'kaundula satanthauza kuti kunalibe wodwala. Safunsa anadya phula: wophunzira wabwino amafunsa amene analemba nambalayo, analemba liti, ndipo amene sanalembedwe ndani.

Pamodzi ndi maphunzirowa panakula mwambo wa misonkhano yofotokozera zotsatira za kafukufuku, m'masukulu aukachenjede, m'zipatala zikuluzikulu ndi m'mahotela. Misonkhano imeneyi yachita zabwino zambiri. Pamenepo wachinyamata amaphunzira kuimirira pamaso pa akatswiri ndi kuyankha mafunso owawa, ndipo zolakwika zimagwidwa zisanasanduke ndondomeko ya boma. Chiyambire mliri wa Covid-19, umene unafika m'dziko muno mu April 2020, zokambirana zambiri zimachitikanso pa intaneti, moti wa ku Mzuzu amatha kumvera katswiri wa ku London ali pa foni yake. Koma tiyenera kunena chilungamo: pafupifupi zonse zimayankhulidwa m'Chingerezi, kutali ndi kumene nkhanizo zinatengedwa, ndipo nthawi zambiri oitanidwa ndi mabwana, pamene mlangizi ndi kalaliki amene amalemba kaundula atsala pa ntchito. Nkhani ya alawansi nayo yawononga zambiri, chifukwa pali ena amene amapita ku maphunziro omwewo kachitatu pomwe woyenera sanapiteko n'kamodzi komwe.

Zimene Ching'ambo akudikirabe

Dera ngati Ching'ambo ndi lovuta kuliwerenga kuposa mudzi wa ku Chilumba. Anthu ambiri ndi a lendi, amasamuka mwezi ukawavuta. Pa puloti imodzi pamakhala mabanja angapo ogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi. Masana nyumba zimakhala zokhoma, eni ake ali ku msika, ku kabaza kapena ku ganyu. Zilankhulo ndi zosakanikirana: Chitumbuka, Chichewa, Chitonga, Chinkhonde ndi Chilambya. Wodwala wina apita ku Mapale, wina ku St John's, wina ku kiliniki yolipira, wina angogula mapiritsi pa okala, ndipo wina akadwalika amatengedwa kupita kumudzi ku Rumphi kapena ku Chitipa, imfa yake n'kukalembedwa kumeneko kapena osalembedwa n'komwe. Kafukufuku wa DHS amanena za dziko, chigawo ndi boma, koma safika pa dera limodzi la mu mzinda. Choncho mavuto a madera othithikana amamira m'nambala yokoma ya "m'tauni".

Pamene ofufuza anayang'ana pafupi, anapeza zimene nambala yokomayo inabisa. Aphunzitsi a Mzuzu University atayeza madzi a zitsime zosaya m'madera othithikana a mzindawu anapeza tizilombo tochokera m'chimbudzi m'zitsime zambiri, makamaka nyengo ya mvula. Chifukwa chake n'chodziwika: Mzuzu ndi wa mvula yambiri, m'madambo madzi ali pafupi ndi nthaka, ndipo pa puloti yaing'ono chitsime ndi chimbudzi sizingatalikirane. Mvula yamphamvu ya April 2016 inagwetsa nyumba zambiri m'madera otsika ndi otsetsereka a mzindawu ndi kupha anthu, ndipo kolera amene anayamba mu March 2022 anadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko lonse n'kupha oposa 1,700. Pa ngozi ngati zimenezi, funso loyamba la opereka thandizo limakhala lakuti m'deramo muli mabanja angati, ndipo kawirikawiri mndandanda umayamba kulembedwa madzi atalowa kale m'nyumba.

Palinso nkhani ya chikhulupiriro. Anthu a m'madera amenewa afunsidwa mafunso kambirimbiri ndi ophunzira ndi mabungwe, kulandira sopo kapena zikomo chabe, osamvanso kanthu. Ena atopa, ndipo amayankha zongomuchotsa mlendo pakhomo. Ofunsa ena nawo, akapanikizidwa ndi chiwerengero cha mafomu pa tsiku, amakhala pansi pa mtengo n'kudzaza okha, zimene anzawo amati kuphika. Mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo mu 2017 zinaonetsa kumene kusamvana pakati pa anthu ndi obwera ndi zipangizo kungafike. Mankhwala a zonsezi ndi omwe aja a ku Chilumba: kulemba ntchito ana a m'deramo, kudzera kwa mafumu ndi mabuloko lida, kusunga chinsinsi cha munthu, ndi kubwerera kudzanena zimene zapezeka.

Zida zilipo kale. Lamulo la kalembera wa nzika la 2010 limafuna kuti kubadwa ndi imfa iliyonse zilembedwe, ndipo mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni analembetsa chiphaso cha unzika. Masukulu aukachenjede ali mu mzinda momwemu. Chotsala ndi chizolowezi. Ophunzira ndi mabungwe amene atenga nkhani ku Ching'ambo abwerere kukafotokoza zotsatira pa bwalo la sukulu kapena m'tchalitchi, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, asanakazinene ku hotela. Ofesi ya zaumoyo ndi khonsolo zizigawa ziwerengero zawo dera ndi dera, n'kuzipachika poti khansala ndi komiti ya zaumoyo aziona mwezi ndi mwezi. Okonza maphunziro ayambe ndi alangizi, anamwino ndi makalaliki, chifukwa cholakwika cholowa m'kaundula palibe kompyuta imene ingachichotse. Ndipo inu a ku Ching'ambo, mlangizi kapena wa kalembera akafika pakhomo, muuzeni zoona, lembetsani mwana akabadwa ndi m'bale akamwalira, kenako mufunseni tsiku limene adzabwere kudzakuuzani zimene wapeza. Yankho limenelo ndi ufulu wanu.